Thumba la mchenga kumiyendo kwa bedi: mbiri ya udokotala wa mafupa m'Malawi

Agogo anga aakazi sadagwe mumtengo, ndiponso sadagundidwe ndi galimoto. Adaterereka pamwala wa kubafa m'mawa wina mu Febuluwale, mwalawo utachita ndere ndi mvumbi wa masiku atatu. Chidebe chidagubuduka, iwo n'kukhala pansi ngati munthu amene wangofuna kupumula. Titathamangirako adatikalipira kuti ana aamuna tisayandikire, tiyambe taitana azakhali adzawafunditse chitenje. Atafunda tidayesa kuwaimiritsa, koma mwendo wakumanzere udakana. Udali utafupikirapo poyerekeza ndi unzake, phazi litagonera kunja. Magazi padalibe, bala padalibe.

"Ndangobinya, ana inu," adatero. "Mundithowe ndi madzi otentha, mawa ndidzuka."

Tidawathowa masiku anayi. Tsiku lachisanu tidayala matiresi m'ngolo n'kuwatengera kumsewu, ndipo dzuwa likupendeka tidafika kuchipatala cha paboma. Bambo wina wa gawuni yoyera, amene tonse tinkangomuti adokotala, adanyamula chithunzi cha X-ray n'kuchilozetsa kuwindo kuti kuwala kudutse. Adatisonyeza ndi cholembera pamene fupa la ntchafu limakhotera kulowa m'chiuno. "Agogo athyoka apa. Opaleshoni yake kuno sitichita, ndipo kumene amachitako kuli mzere wautali. Tiyambe tawakoka mwendowu."

Amene adagonako kapena kudikirira matenda m'wodi ya mafupa akudziwa kukoka kumeneku. Amamata mabandeji mwendo wonse, n'kumangirira chingwe kuphazi, chingwecho n'kuchidutsitsa pachitsulo cha kumiyendo kwa bedi. Kumapeto kwake kumalendewera thumba la mchenga, kwina njerwa, kwina botolo la madzi. Bedi amalikweza kumiyendo kuti wodwala asatsetserekere kumene thumba likumukokera. Mayi wa bedi loyandikana nafe, wa ngozi ya minibasi, iye adachita kumuboola chitsulo pansi pa bondo, chingwe n'kumangirira pachitsulopo. Ukatero wamangidwa. Kudya pompo, kusamba pompo, kudzithandiza pompo, gadiyani wako akugona pansi pa bedi.

Agogo adali munthu wosakhala pansi, woti tambala akamalira kachiwiri ali kale ndi tsache m'manja. Sabata yoyamba ankalamula azakhali za nkhuku ndi za fodya wa m'chigafa. Yachiwiri adayamba kukana nsima. Yachitatu kumbuyo kudatuluka chilonda, ndipo usiku ankaitana anthu amene adamwalira kalekale. Sabata yachisanu chifuwa chidagwira. Chimene chidalembedwa papepala ndi chibayo. Kumudzi anthu adati ukalamba, ena adanong'onezana zina. Ine zidanditengera zaka kuti ndimvetse kuti chidawapha ndi bedi, ndipo kuti nkhani ya udokotala wa mafupa a okalamba, kuyambira kale mpaka lero, yagona pa funso limodzi: tingamudzutse bwanji munthuyu bedi lisanamumalize?

Fupa si mwala. Ndi chinthu chamoyo chimene thupi limagumula ndi kumanganso mosalekeza, monga mmene mayi amazirira nyumba chaka ndi chaka. Munthu akamakula, kumanga kumaposa kugumula. Akapitirira zaka za m'ma 30 zinthu zimayamba kutembenuka pang'onopang'ono, ndipo kwa amayi zimathamanga akasiya kusamba. Kunja fupa limaoneka lomwe lija, koma m'kati limakhala ngati mtengo wofumbwa. Madokotala amati osteoporosis. Silipweteka, silitupa, munthu amangodziwira tsiku logwa. Malo amene limakonda kuthyokera ndi atatu: pamkono pafupi ndi dzanja, chifukwa wogwa amatsogoza dzanja; kumsana, kumene timafupa timaphwanyika mwakachetechete mpaka agogo kufupika ndi kuwerama; ndi m'chiuno.

M'chiunomo ndi mmene muli chovuta. Fupa la ntchafu limathera ndi mutu wobulungira umene umazungulira m'kabowo ka fupa la chiuno, ndipo mutuwo umagwirizika ndi kakhosi kakafupi. Timitsempha topititsa magazi kumutuko timayenda motsatira kakhosiko. Kakathyoka n'kusuntha, timitsemphato timaduka, mutu umasowa magazi n'kufa, ndipo fupa lakufa silingalumikizane ndi lamoyo ngakhale mutalikoka miyezi isanu ndi umodzi. Dokotala wotchuka wa ku London, Astley Cooper, ankaphunzitsa zimenezi m'zaka za m'ma 1820, ndipo patapita zaka zoposa 100 madokotala ankatchulabe kuthyoka kumeneku kuti ndi kumene kudawakanika.

Makolo athu sadadikire azungu kuti adziwe kulumikiza mafupa. Pafupifupi dera lililonse lidali ndi sing'anga wake wa ntchitoyi: amawongola mkono, kutemera mphini, kupaka mankhwala, kenako kuyala timitengo ta nsungwi kapena bango n'kumanga ndi luzi. Mwana wogwa mumtengo wa mango ankachira, ndipo ambiri achira motero, chifukwa fupa la mwana likangogwiridwa kuti lisagwedere limadzilumikiza lokha. Kumene nsungwi siifika ndi m'chiuno. Fupa la pamenepo lili m'kati mwa minofu, ndipo palibe luzi limene lingaligwire.

Tisaganize kuti azungu oyamba kufika kuno adabwera ndi nzeru yoposa pamenepa. David Livingstone, dokotala wophunzira bwino, adalumidwa ndi mkango ku Mabotsa mu 1844, fupa la mkono wakumanzere n'kuphwanyika. Silidalumikizane bwino mpaka imfa yake. Padatsala malo ogwedera ngati mfundo yachiwiri. Atamwalira kwa Chitambo mu 1873, Susi, Chuma ndi anzawo adaumitsa mtembo n'kuunyamula miyezi yambiri mpaka kunyanja ku Bagamoyo.   Mtembo utafika ku London mu 1874 nkhope idali yosazindikirika, ndipo chimene chidatsimikizira dokotala William Fergusson kuti ndi Livingstone ndi fupa losapola lija. Mzinda wa Blantyre udatenga dzina la kwawo kwa munthu amene adayenda mtunda wonse uja ndi mkono umene chipatala cha paboma lero chikadaukonza.

Udokotala wa mafupa umene tikuudziwa lero udachokera kwa asing'anga a mtundu womwe uja. Hugh Owen Thomas wa ku Liverpool adabadwira m'banja la olumikiza mafupa a ku Wales, anthu opanda satifiketi amene ankalandirana luso kuchokera kwa makolo. Iye adapita kusukulu ya udokotala, koma manja adali a kwawo. Adapanga chitsulo chogwira mwendo wonse kuchokera m'chiuno mpaka kuphazi, ndipo m'bale wake Robert Jones adachifalitsa pakati pa asilikali pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mabuku a zachipatala amati chisanafike chitsulochi asilikali pafupifupi 8 mwa 10 othyoka ntchafu ndi chipolopolo ankafa, ndipo chitafika chiwerengero chidatsika kufika pa 2 kapena kucheperapo. Chikhakha chimene ana athu amalembapo maina a anzawo chidayamba kale pang'ono: dokotala wa asilikali wa ku Netherlands, Antonius Mathijsen, ndiye adayamba kupaka pulasitala pabandeji kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1850. X-ray idatulukiridwa mu 1895.

Zonsezi zidali zogwira fupa kuchokera kunja, wodwala ali chigonere. Kusintha kwenikweni kudadza pamene madokotala adalimba mtima kulowa m'kati. Marius Smith-Petersen, wobadwira ku Norway koma wogwira ntchito ku Boston, adapanga msomali wa mapiko atatu wokhomera khosi la fupa la ntchafu, ndipo adalengeza zotsatira zake mu 1931. Ku Kiel, m'dziko la Germany, Gerhard Küntscher mu 1939 adalowetsa chitsulo chachitali m'mphako ya fupa la ntchafu, mmene mumakhala mafuta a m'fupa. Anzake ambiri adamuona ngati wopenga. Nkhondo yachiwiri ikutha, asilikali a ku America amene adagwidwa ukaidi ku Germany adabwerera kwawo akuyenda, ndipo madokotala atawajambula adadabwa kuona zitsulo m'kati mwa mafupa. Mu 1940 Austin Moore wa ku South Carolina adaika mutu wachitsulo m'malo mwa mutu wa fupa, ndipo chipangizo chimene adachikonza pambuyo pake chimatchulidwabe ndi dzina lake m'mafiyeta ambiri a mu Africa. Pofika 1962 John Charnley ku England adali atapeza njira yodalirika yosinthira mfundo yonse ya chiuno.

Komabe amene ine ndimawaona kuti ndi eni ake a nkhani ya agogo si opanga zitsulo. Ndi anthu awiri a m'tauni ya Hastings, m'mphepete mwa nyanja kumwera kwa England, kumene anthu ambiri opuma pantchito amakakhala. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, dokotala wa mafupa Michael Devas ndi dokotala wa matenda a okalamba Bobby Irvine adayamba kuyendera wodi limodzi, pamodzi ndi anamwino ndi ophunzitsa odwala kuyenda. Devas adaona chimene ife tidachiona pabedi la agogo. Nkhalamba ikagona milungu ingapo, mapapo amadzaza, magazi amaundana m'miyendo, khungu limabooka, minofu imasungunuka, mutu umasokonekera. Choncho maganizo akuti wakalamba kwambiri, sangapirire opaleshoni, iwo adawatembenuza: amene wakalamba kwambiri ndi amene sangapirire bedi. Mchiteni opaleshoni msanga, muikeni chitsulo choti apondere nthawi yomweyo, mawa lake aime, ndipo pamene wa mafupa akuona bala, mnzake aone mtima, mapapo, mkodzo ndi mankhwala amene wodwalayo amamwa.

Nzeru ya ku Hastings ndi imene mayiko olemera akutsata lero. Ku England chipatala chimayesedwa ngati chachita opaleshoni ya chiuno cha wokalamba pasanathe maola 36. Opaleshoniyo si yaitali. Wodwala amabayidwa jakisoni wa pamsana, ndipo ngati khosi lathyoka n'kusuntha, amachotsa mutu wakufawo n'kuikapo wachitsulo. Ngati lathyokera m'munsi pang'ono, pamene magazi amafika bwino, amalimanga ndi sikuluwu ndi chitsulo. Ngakhale zili choncho, kumeneko komwe, anthu 2 kapena 3 mwa 10 othyoka chiuno atakalamba satha chaka. Ndi kuvulala koopsa motero. Agogo anga maola 36 adawathera pamphasa, tikuwathowa.

Kuno kwathu udokotala wa mafupa sudayambire pa okalamba. Udayambira pa ana. Chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chidatsegulidwa mu 1958, cha Kamuzu Central ku Lilongwe mu 1977, koma kwa zaka zambiri othyoka ankathandizidwa ndi madokotala a opaleshoni ya chilichonse, amene m'mawa amang'amba mimba, masana n'kuwongola mwendo. Chimene chidakoka akatswiri a mafupa ndi poliyo. Amene adakula m'zaka za m'ma 1970 akukumbukira ana okwawa ndi manja pamisika ndi pamasiteshoni a basi, mawondo atachita zikang'a. Bungwe la Malawi Against Polio, limene anthu amangoliti MAP, lidadzuka chifukwa cha ana amenewa: kuwawongola miyendo, kuwapangira zitsulo zoyendera, ndodo ndi njinga. Poliyo atachepa ndi katemera, bungweli lidasunga zilembo zake zitatu n'kusintha dzina kukhala Malawi Against Physical Disabilities.

M'nyengo imeneyi mudabwera Dr. Edward Blair, dokotala wa mafupa wa ku Canada, mothandizidwa ndi a Rotary. Blair adawerenga anthu, adawerenga madokotala, n'kuona kuti masamu sakugwirizana. Dziko lidalibe ngakhale sukulu ya udokotala. College of Medicine idadzatsegulidwa mu 1991. Kudikira kuti boma lililonse lidzakhale ndi katswiri wake kukadakhala kudikira madzi a mphutsi. Mu 1985 adayambitsa maphunziro a miyezi 18 ku Blantyre, otenga othandiza madokotala amene adagwirapo kale ntchito m'zipatala n'kuwaphunzitsa za mafupa zokhazokha: kuwerenga X-ray, kuwongola fupa, kuika chikhakha, kukoka mwendo, kutsuka bala la fupa lotulukira kunja, kukhetsa mafinya a m'fupa, kudula chiwalo chikafika poti sichingapulumuke. Amatchedwa orthopaedic clinical officer, mwachidule OCO.

Bambo wa gawuni yoyera uja, wolozetsa X-ray kuwindo, adali mmodzi wa iwo. Ndidamusungira mkwiyo nthawi yaitali, koma ndidalakwa. Adachita chimene adaphunzitsidwa, ndi zipangizo zimene adali nazo, ndipo adatiuza zoona. M'wodi yomweyo adali atawongola manja a ana osawerengeka amene lero akulima ndi kulemba. Maphunziro a OCO adakonzedwa kuti achiritse popanda opaleshoni yaikulu, ndipo kwa mwana ndi mnyamata njira imeneyo nthawi zambiri imakwana. Chiuno cha nkhalamba ndiye chimafuna chinthu chimodzi chomwe iye sakadatha kupereka.

M'zaka za m'ma 1990 mudafika anthu awiri amene maina awo sasowa pokamba nkhaniyi. Chris Lavy, dokotala wa mafupa wa ku Britain, adabwera mu 1996 n'kukhala zaka pafupifupi khumi. Chakumapeto kwa zaka zomwezo a Nyengo Mkandawire adabwerera kumudzi. Adaphunzira udokotala ku Flinders University ku Australia, ukatswiri wa mafupa n'kukautengera ku England, ndipo digiri yawo ya ukatswiri ndi ya ku Liverpool, mzinda wa Hugh Owen Thomas uja. Inali nthawi imene madokotala ndi anamwino athu ankakwera ndege kupita ku Manchester, osati kuchokako. Munthu wa mapepala ngati amenewo akadatha kukhala konko, kumalandira ndalama zoti kuno sakadaziona. Iwo adasankha mawodi a ku Queens, kumene odwala ena amagona pansi, ndipo adadzakhala pulofesa, mkulu wa dipatimenti ya opaleshoni komanso mkulu wa maphunziro a udokotala ku College of Medicine.

Zimene zidachitika m'zaka zochepa zotsatira n'zambiri. Mu 1999 madokotala a opaleshoni a m'chigawo chino cha Africa adakhazikitsa koleji yawo, COSECSA, imene likulu lake lili ku Arusha, kuti dokotala aziphunzira ukatswiri m'chipatala cha kwawo m'malo mopita kunja kumene ambiri sabwerako. Lavy adali mmodzi wa oyambitsa. Mu 2002 chipatala cha Beit CURE chidatsegulidwa ku Blantyre, pafupi ndi Queens, chothandiza ana olumala kwaulere, ndipo akuluakulu olipira adayamba kusinthidwa mfundo za chiuno konkuno. Chaka chomwecho maphunziro a ukatswiri wa mafupa adayamba m'dziko muno, akutenga munthu mmodzi kapena awiri pachaka. Ma OCO adaphunzitsidwa njira ya Ponseti yowongola mapazi opindika a makanda ndi chikhakha, ndipo Malawi adakhala chitsanzo kwa mayiko ena pa ntchitoyi.

Mu 2008 a Mkandawire, a Lavy ndi mnzawo a Ngulube adalemba mmene zinthu zidalili. Anthu m'dziko adali pafupifupi 13 miliyoni. Madokotala onse adali 266, ndipo a mafupa adali 9 okha, ena mwa iwo ochokera kunja. Ma OCO amene adaphunzitsidwa chiyambire 1985 adali 117, ndipo 82 adali pantchito. Anthu 82 amenewa ndiwo ankasenza pakati pa 80 ndi 90 peresenti ya ntchito yonse ya mafupa m'Malawi. Tikamatchula mapulofesa, tizikumbukira kuti msana wa ntchitoyi udali, ndipo udakali, anthu amene maina awo sadziwika kunja kwa boma limene akugwirako.

Poliyo atapita, malo ake adatengedwa ndi msewu. Minibasi, malole, njinga zakapalasa zonyamula makala, ndipo m'zaka zaposachedwapa kabaza wa njinga zamoto, zadzaza mawodi a amuna ndi anyamata othyoka ntchafu ndi miyendo. Ku Lilongwe, ubale wa Kamuzu Central ndi chipatala cha Haukeland cha ku Bergen, m'dziko la Norway, udabweretsa Dr. Sven Young, amene adakhala zaka zambiri akuchita opaleshoni ndi kuphunzitsa. Pambuyo pake ntchito ya mafupa mumzindawu idakhala m'manja mwa madokotala monga a Leonard Banza ndi a Boston Munthali.

Chida chimene chidasintha mawodi amenewa ndi mdzukulu wa chitsulo cha Küntscher. Lewis Zirkle, dokotala wa ku America amene adagwirapo ntchito ku Vietnam nthawi ya nkhondo, adayambitsa bungwe la SIGN mu 1999. Chitsulo chawo chidapangidwa moganizira zipatala ngati zathu: chimalowa m'fupa ndi kukhomedwa popanda makina ojambula a m'fiyeta, ndipo bungwelo limachipereka kwaulere. Mnyamata amene akadagona miyezi iwiri ndi thumba la mchenga amadzuka ndi ndodo patangopita masiku ochepa.

Padali funso limene akuluakulu osunga thumba la boma amafunsa nthawi zonse: kodi dziko losauka lingakwanitse? Adaliyankha ndi a Linda Chokotho, mayi woyamba wa Chimalawi kukhala katswiri wa opaleshoni ya mafupa. Pa kafukufuku wawo wa digiri ya PhD ku Bergen adatsatira akuluakulu othyoka fupa la ntchafu m'zipatala za m'dziko muno, ena oikidwa chitsulo, ena okokedwa. Oikidwa chitsulo adachira msanga n'kubwerera kuntchito zawo, ndipo chodabwitsa kwa ambiri n'chakuti atawerengera zonse, opaleshoni idatsika mtengo kuposa kukoka. Thumba la mchenga limaoneka laulere, koma bedi, chakudya, namwino ndi mankhwala a milungu yonseyo si zaulere. Ndipo pali zina zimene boma siliwerenga: azakhali anga chaka chimenecho sadapalire, chimanga chidadyedwa ndi udzu.

Anzathu a ku Tanzania adatitsogolera pokhala ndi chipatala chapadera. Muhimbili Orthopaedic Institute ku Dar es Salaam idakhazikitsidwa mu 1996, yoona za mafupa, ovulala pangozi ndi opaleshoni ya ubongo. Chathu cha mtundu umenewo, Lilongwe Institute of Orthopaedics and Neurosurgery, chimene anthu akungochiti LION, ndiko kuti mkango m'Chingerezi, chidatsegulidwa mu 2023 pa Kamuzu Central, ndi thandizo lochokera kwa Trond Mohn wa ku Bergen, bungwe la AO Alliance la ku Switzerland ndi ena. Mkango udathyola fupa la Livingstone, wina ukulumikiza mafupa ku Lilongwe. Mbiri nthawi zina imaseka yokha.

Tsono agogo ali pati m'nkhani yonseyi? Ali kumapeto kwa mzere. Sindikunena kuti madokotala athu ndi ouma mtima. Taganizani muli ndi fiyeta imodzi, magazi mabotolo awiri, ndipo pakhomo pali mnyamata wa kabaza fupa lili pamtunda, mwana wa mafinya m'bondo, ndi gogo wa zaka 80 wopanda bala, amene wangogona phee osadandaula. Aliyense angayambe ndi amene akutuluka magazi. Mawa kubweranso ena awiri a kabaza. Gogo uja amasunthidwa Lachiwiri, kenako Lachisanu, kenako sabata yamawa, kufikira tsiku limene wogonetsa odwala amamupima n'kunena kuti chifuwa chake sichingalolenso. Chipangizo chake nachonso ndi china: mutu wachitsulo wa chiuno supezeka paliponse, ndipo kuzipatala zolipira mtengo wake wogulitsa mbuzi saufika.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti anthu ngati agogo akuchuluka. Cha m'ma 2000, Edzi ili pachimake, mwana wobadwa m'Malawi ankayembekezeka kukhala zaka zosakwana 50. Ma ARV aulere adayamba mu 2004, ndipo lero chiyembekezo chidapitirira zaka 60. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 17.5 miliyoni. Kutalika kwa moyo ndi chinthu chokondweretsa, koma kumabwera ndi katundu wake: shuga, kuthamanga kwa magazi, ng'ala m'maso, ndi mafupa ofumbwa. Ambiri mwa agogo amenewa ndi omwe adalera ana amasiye a nthawi ya mliri, ndipo ena akulerabe zidzukulutudzi. Gogo wotere akagwa, nyumba yonse yagwa.

Palinso chathu china chochititsa manyazi. Nkhalamba ikathyoka popanda chifukwa chooneka, ikayamba kulankhula zosamveka usiku chifukwa cha ululu ndi kutentha thupi, pamudzi pamayamba manong'onong'o akuti yagwa pandege ya ufiti. Bungwe la MANEPO lakhala likudandaula za okalamba omenyedwa ndi kuphedwa chifukwa cha mphekesera zotere, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza anthu achikulire. Timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambolo likadwala timalithawa. Kusokonekera mutu kwa wokalamba wothyoka ndi chizindikiro cha matenda chimene Irvine ankachiyang'anira tsiku lililonse ku Hastings, ndipo chimatha munthu akathandizidwa.

Maganizo anga ndi akuti mbiri ya udokotala wa mafupa kuno yayenda magawo awiri, la ana ndi la ovulala pamsewu, ndipo onse awiri adatheka chifukwa wina adakana kudikira kuti dziko liyambe lalemera. Blair sadadikire madokotala, Zirkle sadadikire makina. Gawo lachitatu silifuna nyumba yatsopano. Devas ndi Irvine sadamange chipatala. Adangogwirizana kuyendera wodi limodzi ndi kuika wokalamba patsogolo pa mndandanda wa opaleshoni. Zipatala zathu zazikulu zinayi, Queens, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu, zingathe kupatula mabedi ochepa ndi tsiku lodziwika la fiyeta la okalamba othyoka chiuno, ndi lamulo loti OCO wa paboma akangoona X-ray yotere aimbe foni tsiku lomwelo, ambulansi inyamuke. Unduna wa Zaumoyo uziwerenganso anthu amenewa: angati athyoka, angati achitidwa opaleshoni, patapita masiku angati, angati ali moyo chaka chikatha. Chosawerengedwa sichilowa mubajeti. Ndipo mwa achinyamata amene akuphunzira ukatswiri wa mafupa ku Kamuzu University of Health Sciences lero, ndikulakalaka atapezeka mmodzi wonena kuti ntchito ya moyo wake idzakhala mafupa a agogo.

Ife a kumudzi tili ndi mbali yathu, ndipo ndi yosalira ndalama zambiri. Usipa, matemba ndi bonya zodyedwa ndi minga yake zimalimbitsa mafupa, chimodzimodzi mkaka ndi masamba obiriwira. Wokalamba amene akuyendayenda, kuwothera dzuwa ndi kugwira tintchito amakhala wolimba kuposa amene tamukhazika pakhonde kuti tikumulemekeza. Fodya ndi kachasu zimafumbwitsa mafupa. Ng'ala imachotsedwa kuchipatala, ndipo gogo woona bwino sapunthwa pachiundo. Ndodo si chipongwe. Njira yopita kuchimbudzi usiku ikhale yosalala, ndi tochi pafupi ndi mphasa.

Koma chachikulu chimene ndikadakonda wina akadatiuza m'mawa uja ndi ichi. Wachikulire akagwa n'kulephera kuponda, makamaka mwendo ukafupika ndi phazi kugonera kunja, si kubinya. Musathowe, musatemere, musadikire kuti muone mmene kuchere. Mugonekeni pachitseko kapena pamatiresi, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mukafika mufunse mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo ngati angatumizidwe kumene amachita opaleshoni. Akakhala kuti wagonekedwa ndi thumba la mchenga, inu agadiyani muzimutembenuza pafupipafupi monga anamwino akuuzirani, muzimukhazika tsonga, azipuma mokoka mpweya, azimwa madzi ndi kudya.

 Musanapinde nyuzipepalayi, tumani mwana akaone ngati mwala wa kubafa kwa agogo wachita ndere, akaukweche.